Zimene Karekoda Kanamva

Mafunso a kafukufuku uja anali makumi anayi ndi awiri, ndipo munthu wosachita chibwibwi ankawamaliza ola lisanathe. Koma a wofunsidwa Nambala 27 anali atadya masabata atatu. Ulendo woyamba Namafunso anati batire la karekoda latha. Wachiwiri anati yankho lina silinamveke bwino chifukwa cha phokoso la owotcherera zitsulo. Ulendo wachitatuwu analibenso chonamizira. Anangonyamula chikwama chake n'kutuluka, mapazi akuidziwa okha njira.

Dzina loti Namafunso anamupatsa ndi amayi a mumsika, amene anatopa kumuona ndi bolopeni kukamwa. Anali wophunzira wa kuyunivesite, m'gulu la a Pulofesa lofufuza mmene anthu othawa nkhondo amapezera zofunika pa moyo m'dziko la eni, ndi mmene amalowererana ndi eni nthaka pa malonda. Gululi linali ndi malamulo awiri amene a Pulofesa ankawabwereza ngati pemphero. Loyamba, wofunsidwa alibe dzina, ali ndi nambala. Lachiwiri, wofunsa asiye mtima wake pakhomo asanalowe. Lamulo loyambalo Namafunso ankalisunga bwino kwambiri.

Nambala 27 ankakonza masikelo kuseri kwa sitolo ya zitsulo, m'kachipinda koti anthu awiri sangapatukane osagundana mapewa. Masikelo odwala anali lendelende pakhoma, ena opanda muvi, ena sipuling'i ili panja. Patebulo panali kabokosi ka thabwa, mkati mwake muli miyala yamkuwa yoyesera ngati sikelo ikunena zoona. Pothawa kwawo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, anzake ananyamula mabulangete, iye ananyamula miyala ya bambo ake. Msika wonse unkamutcha Wasikelo.

"Achemwali, mwabweranso? Lero lathawa ndi funso liti?" anafunsa osadzutsa mutu, koma kumwetulira kunaonekera m'masaya.

"Lomaliza."

"Likatha limenelo simudzabweranso?"

"Malamulo akutero."

"Ndiye ndiliyankha pang'onopang'ono."

Namafunso anakhala pa chitini cha penti chimene chinali chitasanduka mpando wake, anayatsa karekoda n'kukaika pakati pa masikuluwu. Anawerenga funsolo ndi mawu a kuntchito. "Kodi mumadziona ngati munthu wa kuno?"

Wasikelo anapukuta manja pa kansanza. "Masikelo awo amandipatsa. Adala a sitoloyi akapita kuchipatala amandisiyira makiyi. Pakagwa maliro mumsika muno amandiitana ndikanyamule nawo bokosi. Lembani kuti masana ndine wa kuno."

"Nanga dzuwa likalowa?"

"Zimitsani kaye kanthu kanuko."

Namafunso anadina batani. Maso ake sanali pa batanipo, anali kumene mtsikana aliyense akanawaika.

"Chiphaso changa chimati ndimagona kukampu," anatero Wasikelo motsitsa mawu. "Kukampu ndi ulendo wa tsiku lonse pa basi. Chaka chachiwiri chino ndikugona pamwamba pa sitoloyi, kudenga, pakati pa mapaipi. Adalawa ndi amene amandibisa. Zitamveka, ine andikweza lole, iwo awatsekera sitolo. Sindinauzepo munthu. Ndakuuzani inu chifukwa zimene ndikufuna kunena sindifuna zikhale pamwamba pa bodza."

Kenako analankhula m'chinenero cha kwawo. Anali mawu ochepa, ofatsa, ndipo pomaliza anameza mate. Namafunso sanatolepo ngakhale liwu limodzi, koma anamva nkhope yake ikutentha.

"Tanthauzo lake?"

"Chinenero chanuchi ndimagulira ndi kugulitsira. Mawu awa sindinawapezere malo m'menemo. Ndidzakumasulirani tsiku lina."

Anatenga dzanja la mtsikanayo, analitembenuza, n'kuika pachikhatho kamwala kakang'ono kuposa yonse m'bokosimo.

"Dzanja lanu likunjenjemera."

"Ndi mwala wanuwu, ukulemera."

"Ndi wa magalamu asanu, achemwali."

Namafunso anaseka mpaka misozi. Anali wokondwa, chimwemwe chenicheni chimene chimapusitsa ngakhale ophunzira. N'chifukwa chake sanaone kuti kanyali kofiira ka karekoda kanali kakuyakabe. Batani limene anadina linali lokwezera mawu. Anakaponya m'chikwama, ndipo madzulo a Lachisanu lomwelo anakakapereka ku ofesi pamodzi ndi marekoda ena onse, monga mwa lamulo.

*

Loweruka masana Namafunso anakhala pakhonde ndi amayi ake akusankha nyemba zokagulitsa. Amayi akewo anali ndi benchi mumsika womwewo kuyambira iye asanabadwe, ndipo panalibe munthu wa mumsikamo amene analibe naye mawu.

"Amayi, Wasikelo uja mumamuona bwanji?"

"Mwana wa manja abwino ameneyo. Sikelo yanga inkandibera ine mwini wake zaka ziwiri, akuno onse akulephera. Iye anangoiyang'ana kamodzi. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa."

"Nanga atafuna kukwatira kuno?"

"Akwatire. Atsikana atha ngati?"

"Atafuna kukwatira m'nyumba muno?"

Dzanja la amayi linaima m'lichero. M'nyumbamo mtsikana wosakwatiwa anali mmodzi yekha, ndipo amayiwo sankafunika digiri kuti awerengere zimenezo.

"Iwe, tandiyang'ana."

"Ndangofunsa."

"Kufunsa ndi ntchito yako, koma ine ndinakubala. Mlendo ndi mame, mwana wanga, dzuwa likatuluka umapeza pauma. Amalume ako akakhala pansi ndi ndani? Kwawo n'kuti? Ukadzabereka ndikatumiza uthenga kwa yani? Tsiku lina kudzabwera lole, iwe udzatsala ndi ana ndi masikelo."

"Koma amayi, tsiku lija ndinkayeserera mafunso pa inu, ndinakufunsani ngati mungalandire wothawa kwawo kukhala mkamwini wanu. Munati inde. Ndinachonga ndekha."

"Zapapepala zimenezo. Ndinkafuna ukhoze mayeso."

Namafunso anafuna kuseka, koma anaona kuti maso a amayi ake anyowa, ndipo kuseka kunabwerera. Amayiwo sankadana ndi Wasikelo. Ankaopa, ndipo mantha a mayi ndi ovuta kutsutsa kuposa chidani.

Foni ya Namafunso inalira m'thumba la siketi, unali uthenga wa Wasikelo. Anazembera kuseri kwa nyumba ngati akukaanula zovala.

"Mwala wanga wa magalamu asanu wasowa. Wakuba ndikumudziwa."

Anayankha atatsamira khoma. "Wakubayo akuti abweza akamva tanthauzo la mawu aja."

"Muuzeni asunge bwino. Mwini wake akusonkhanitsa kaye mphamvu."

Anawerenga uthengawo kanayi, kenako anaanula zovala zimene zinali zisanaume.

*

Ku ofesi kunali mwamuna wina amene onse ankamutcha Kalaliki. Ntchito yake inali kumvetsera marekoda onse ndi kutaipa liwu lililonse, ngakhale chifuwa ndi kulira kwa tambala. Kwa zaka ziwiri Kalaliki ankasungira Namafunso mpando wa pawindo, ankamugulira zoziziritsa kukhosi, ndipo mvula ikagwa ambulera wake ankapezeka mwadzidzidzi kuti ngokwanira anthu awiri. Namafunso ankathokoza, basi.

Lolemba m'mawa Kalaliki sanamupatse moni. Anangomukodola, n'kumupatsa zomvetserera za m'makutu.

Namafunso anamva mawu ake omwe akufunsa za dzuwa likalowa. Anamva "zimitsani kaye kanthu kanuko." Anadikira kuti kukhale zii, koma mawu a Wasikelo anapitirira, okwera bwino kuposa poyamba, akutchula kampu, denga, mapaipi ndi adala a sitolo. Anavula zomvetsererazo.

"Mphindi khumi ndi imodzi," anatero Kalaliki. "Zaka ziwiri ndakhala ndi mawu anu m'makutu mwangamu tsiku lililonse. Ndimadziwa mukatopa, ndimadziwa mukakhala ndi chimfine. Koma kuseka kumene kuli kumapeto ukoko sindinakumvepo."

"Wina wamva?"

"Ine ndekha. A Pulofesa akufuna zonse zotaipa Lachisanu, ndipo kuchokera apo ziwerengedwa ndi anthu khumi ndi awiri. Nambala ibisa dzina, inde. Koma wokonza masikelo wogona kudenga la sitolo ya zitsulo, m'tauni muno alipo angati?"

Namafunso anasowa pogwira. Munthu anamupatsa moyo wake wonse m'manja, iye n'kukausiya patebulo la ofesi.

"Kudula n'kosavuta," Kalaliki anapitiriza akuyang'ana kompyuta. "Chala chimodzi. Mchemwali wanga akukwatiwa Loweruka, ndipo ndatopa kufunsidwa kuti ndibwera ndi ndani."

"Achimwene, inu si munthu wotero."

Manyazi anamugwira Kalaliki, chifukwa zinali zoona kuti sanali munthu wotero, nsanje yokha ndi imene inamubwereka pakamwa. Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala.

"Njira yoongoka ndi iyi. Wofunsidwa ali ndi ufulu wotuluka m'kafukufuku nthawi iliyonse. Akasaina apa, ndifufuta zonse, kuyambira funso loyamba, ndipo palibe amene amafunsa chifukwa." Anakanda m'mutu. "Chimodzi chokha. Kachidutswa ka chinenero chawo kaja ndinatumiza kale kwa mayi womasulira. Ndi lamulo, komanso ndisaname, ndinkafuna kudziwa chimene anakuuzani. Mulibe dzina, mulibe malo. Musadandaule nako."

Namafunso analandira pepalalo. Za kachidutswako sanaziganizirenso.

*

Anafika kusitolo nthawi ya nkhomaliro, msika utachita ulesi ndi kutentha. Wasikelo ataona nkhope yake anaika sikuludiraiva pansi.

Anamuuza zonse ali chiimire, osadzikhululukira. Atamaliza, m'kachipindamo munangomveka wailesi ya adala kutsogolo kwa sitolo.

"Ndinati zimitsani," anatero Wasikelo. Sanakweze mawu, ndipo bwenzi zili bwino akanakweza.

"Munatero. Ndalakwa ndine."

"Adalawa ali ndi adzukulu anayi amene amadya kuchokera pa kauntala paja."

"Ndikudziwa." Misozi inayamba, ndipo anaipukuta mwaukali ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa sanafune kuti imupemphere chifundo. Anaika pepala lija patebulo n'kufotokoza ntchito yake.

Wasikelo analiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. "Zonse? Ndi za masabata atatu zija? Za mmene ndinayambira ndi sikelo imodzi yotola kudzala?"

"Zonse. Sizisankhika."

"Munati buku lanu likawerengedwa ndi amene amapereka zilolezo za ntchito."

"Likawerengedwa. Koma inu simudzakhalamo."

Wasikelo anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Zaka zisanu ndi zinayi anthu akhala akundifunsa nambala ya chiphaso ndi kuchuluka kwa mabulangete. Munayamba ndinu kundifunsa mmene ndimagwirira ntchito. Ndinkati mwina penapake patsala mawu anga."

Mutu wabwino koposa wa buku la Namafunso unali kufa patebulo pomwepo, koma chimene chinkamupweteka sichinali chimenecho.

Wasikelo anatenga bolopeni m'dzanja lake. Pepalalo linkafuna dzina lenileni, lonse, ndipo analilemba ndi zilembo zoimirira bwino ngati za pa sikelo. Aka kanali koyamba Namafunso kuliona. Analiwerenga chamumtima, kenako milomo yake inaliyeserera yokha.

"Mwalakwitsa pakati," anatero Wasikelo. "Tanenaninso."

Analinenanso. Analakwitsanso. Ulendo wachitatu onse awiri anali akumwetulira, mtsikanayo misozi ili m'masaya.

"Simunandikwiyire?"

"Ndakwiya. Koma ndayesa mkwiyowo mbali iyi, inu mbali iyi, ndipo muvi sukundikomera." Anamukokera chitini cha penti chija. "Khalani pansi. Popeza makina amva kale, si bwino mwini wake akhale womaliza. Mawu aja akuti: Ndatopa kuyenda. Ngati pakhomo pako pali mthunzi, ndilole ndikhale pansi, ndipo sindidzadzukanso."

Namafunso anagwira pakamwa.

"Si anga," anapitiriza. "Bambo anga ankayenda m'midzi kukonza masikelo, ndipo ndi mmene anafunsirira amayi anga. M'banja mwathu mokha ndi mmene muli mawu amenewa. Ine ndinawanenapo kamodzi, inu musanabwere, ndipo zimenezi muyenera kuzidziwanso."

"Kwa ndani?"

"Kwa mkazi wanga. Tinakhala miyezi isanu. Tsiku lothawa malole anali awiri, amuna uku, akazi ndi ana uku. Yathu inafika pamalire, yawo sinafike. Zaka zinayi ndinkayenda m'maofesi kuwerenga mayina pa makoma. Chaka chachisanu ndinakumana ndi munthu amene anaiona lole ija itapsa m'mbali mwa msewu." Anatseka kabokosi ka miyala mofatsa. "Pa pepala lanu panali mabokosi anayi, wokwatira, wosakwatira, wosiyidwa, wolekana. Munachonga wosakwatira, ine ndinangokusiyani. Sindinadziwe langa."

Kansanje kanamulasa Namafunso, ndipo nthawi yomweyo anachita manyazi, poti munthu wanzeru sachitira nsanje wakufa. Anatulutsa kamwala kaja m'thumba n'kukaika patebulo.

"Ndinalonjeza kubweza ndikamva tanthauzo."

"Ndiye mwamva. Yankho?"

"Mthunzi ulipo," anatero akuyang'ana pansi. "Koma pakhomopo pali amayi anga, ndipo ali ndi tsache m'manja."

"Amayi anu ndi kasitomala wanga. Sikelo yawo idzafunanso mafuta."

Anamubwezera kamwalako m'chikhatho n'kupinda zala zake chimodzichimodzi. Adala anakhosomola kutsogolo kuja, chifuwa cha munthu amene wamva zonse ndipo sakutsutsa.

*

Lachiwiri m'mawa Namafunso analowa mu ofesi mtima uli m'malo, pepala losainidwa lili m'manja, lopindidwa pawiri. Likangofika kwa Kalaliki, Nambala 27 asowa ngati sanakhaleko, denga ndi mapaipi zisowa naye, ndipo chotsala chikhala nkhondo ya pakhonde ndi amayi ake. Imeneyo sankaiopa kwenikweni.

Pa mpando wa pawindo panali mayi wina. Anali wamsinkhu wa zaka makumi atatu, wovala mwaudongo, mpango utakulunga khosi ngakhale kunkatentha. Namafunso anali atamuonapo kamodzi kokha. Anali womasulira watsopano, amene anafika chaka chatha kuchokera kukampu ya dziko lina. Kalaliki anali pa kompyuta yake, nkhope ili pansi.

Mayiyo anaimirira. "Ndinu amene munafunsa Nambala 27?"

"Ndine."

"Pepani kukudikirirani chonchi. Kachidutswa kamene ananditumizira sindinakamasulire. Ndakamvetsera kuyambira Loweruka, ndipo ndikati ndilembe, dzanja likukana." Ankalankhula mofatsa, mawu aliwonse akuwaika pamalo pake ngati mbale zosweka msanga. "Malamulo ndikuwadziwa, nanenso ndinasainira. Wofunsidwa alibe dzina. Koma mawu amene ali m'menemo si a mtundu wathu wonse. Ndi a nyumba imodzi. Apongozi anga ankawanena akafuna kuseketsa akazi awo, ndipo mwana wawo anandiuza ine pansi pa mtengo wa kwathu, akumeza mate pomaliza ngati mmene akuchitira umu."

Namafunso anagwira ngodya ya tebulo. Mpango uja unali utasuntha pang'ono, ndipo pansi pake khungu linali lokwinyika ndi zipsera za moto.

"Anandiuza kuti amuna onse a lole yawo anaphedwa pamalire," mayiyo anapitiriza. "Ndinalira maliro ake. Sindikufunsa kuti mawuwo ankauza ndani, zaka zisanu ndi zinayi n'zambiri, ndipo mwamuna si mtengo. Ndikungofuna adziwe kuti ine ndinatuluka m'lole muja. Inu munakhala naye, munamuona. Ali bwino? Wanenepa, waonda?"

"Ali bwino," anatero Namafunso, mawu akutulukira kutali.

Mayiyo anatseka maso, ndipo milomo yake inanjenjemera ndi chimwemwe. Namafunso anafuna kumuda, koma sanapeze pomudera. Anamumvera chisoni mpaka m'mafupa, ndipo anamuopa kuposa mmene anaoperapo munthu aliyense.

Lamulo linali mbali yake. Akanatha kunena kuti pepani mayi, nambala ndi nambala, ndipo a Pulofesa akanamuyamikira. Kalaliki akanafufuta zonse mphindi yomweyo, msika ndi waukulu, tauni ndi yaikulu, ndipo anthu awiri akhoza kukalamba m'menemo osakumana. Palibe akanamuloza chala. Akanadziwa yekha, tsiku lililonse, akuyang'ana mwamuna amene anawerenga mayina pa makoma zaka zinayi.

"Wasaina?" anafunsa Kalaliki chapansipansi, n'kutambasula dzanja.

Mayi uja anayang'ana pepalalo. Ankagwira ntchito mu ofesi yomweyo, ndipo ankadziwa pepala lokhalo limene limakhala ndi dzina lenileni la wofunsidwa.

"Mchemwali wanga," anatero, nayenso akutambasula dzanja lake, "ndiloleni ndingoona kalembedwe kake."

Namafunso anaima pakati pa manja awiriwo, pepala litakanikizidwa pachifuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchitoyi anthu anali kudikira yankho kwa iye.